Atachimenti pa fakitale yaikulu: masabata atatu atha, logbook ikadali yoyera

Wophunzira zamagetsi:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili pa atachimenti ya masabata 12 pa fakitale ina yaikulu. Atatu apita kale, koma changa n'kunyamula bokosi la zida basi. Aphunzitsi adzatiyendera sabata ya 6. Ndidzawaonetsa chiyani?

Foromani:
Achemwali, pa kampani yaikulu ntchito imayenda ndi ma job card (makadi olembapo ntchito yoti ichitike), ndipo palibe khadi lolembedwa kuti "phunzitsani wophunzira". Mukadikira kuitanidwa, masabata 12 athera pabenchi. Mawa toolbox talk (kamsonkhano ka zachitetezo ntchito isanayambe) ikatha, pitani kwa pulanala, amene amakonza dongosolo la ntchito za mentenansi, mukapemphe ndandanda ya ntchito za sabata ino. Sankhanipo ziwiri, mupite nazo kwa foromani wanu: "Bwana, Lachitatu akuyeza mota ya pampu, ndingapite nawo?" Funso lotere ndi lovuta kulikana. Koma mukafunsa kuti "pali chochita?", akupatsani tsache.

Bokosilo musalinyoze. Wolinyamula ndiye amaima pafupi panelo ikamatsegulidwa. Kakamirani mmisiri mmodzi wodekha, muzimupatsira chida asanachitchule. Pakatha masiku, sikuludiraivala idzakhala m'manja mwanu.

Wa zachitetezo:
Asanagwire sikuludiraivalayo, amve izi. Popanda permit (chilolezo cholembedwa chogwirira ntchitoyo), osakhudza kanthu. Kuzimitsa, kukhoma loko pa isolator (switchi yodulira magetsi a makinawo), kupachika kakhadi, kenako kuyeza. Tester muyambe mwaiyesa pomwe pali moto, kenako pa nthambo zomwe mukufuna kugwira, n'kubwereranso pamoto paja, chifukwa tester yakufa imaonetsa ngati paliponse palibe magetsi. Pa VSD (chipangizo chosintha liwiro la mota) dikirani mphindi zomwe zalembedwa pachivundikiro, ma capacitor amasunga moto ngakhale mwazimitsa. 400V sadziwa kuti ndinu wophunzira. Zithunzi za m'fakitale osajambula musanapemphe, ndipo za pa Facebook iwalani.

Injiniya wa mentenansi:
Zoona zonsezo, koma kutsatira mmisiri kokha kudzaza logbook, sikusiya dzina. Pemphani kantchito kanukanu, kakang'ono, koti katha. Kosavuta kuvomerezedwa ndi aka: tengani mamota 10 kapena 15 a gawo limodzi. Pa iliyonse koperani nameplate (kW, ma amp, rpm, nambala ya bearing). Ikamazungulira, yezani ma amp pa mafezi onse atatu ndi clamp meter (mita yopanira pa nthambo), ndi kutentha kwa bearing. Ikaima ndipo yakhomedwa, yezani insulation yake (zotchinga magetsi kuti asadutse) ndi mita yotchedwa megger pa 500V. Yotsika pansi pa 1 megohm isayatsidwe mpaka iumitsidwe kapena ionedwe. Chotsani kaye nthambo za VSD musanayeze, apo ayi megger iwononga VSD-yo, ndipo nkhani ya inu idzakambidwa chaka chonse.

Zonse muike mu Excel, pambali pake mulembe pomwe overload (chozimitsa mota ikamakoka ma amp opitirira muyezo) yatcheredwa. Apa ndi pomwe pamapezeka zinthu. Pa star-delta (njira ina yolizira mota), overload ikakhala kumbali ya ma winding imayenera kukhala pa 0.58 ya ma amp a pa nameplate. Mota ya 40A, pafupifupi 23A. Wina akaitchera pa 40, mota imapsa overload ili phee. Ma amp a mafezi akasiyana kuposa 10 peresenti, onani materminal olobodoka kapena voteji yosafanana. Bearing yotentha si nthawi zonse yasowa girisi, ina yachita kumwetsedwa wambiri.

Mukapeza cholakwika, uzani kaye mmisiri wa gawolo, iye akauze foromani. Mukathamangira nacho kwa manijala, mwamuyalutsa munthu amene akukuphunzitsani.

Mphunzitsi wa ku koleji ya ntchito zamanja:
A injiniya, pang'ono pokha ndisiyane nanu. Masabata onse otsala pa mamota okha, mwanayu atuluka osadziwa kuti sipeya imaodedwa bwanji. Apatule sabata imodzi: masiku awiri kwa pulanala, limodzi ku stores, awiri kwa a instrumentation (osamalira zida zoyezera ndi zowongolera makina). Ndipo ngati ndi fakitale ya shuga monga za ku Nchalo ndi Dwangwa, nyengo ya mvula akasiya kugaya nzimbe makina amaphwasulidwa. Imeneyo ndiye nthawi yoona m'kati mwa zinthu, asaiphonye.

Za logbook: "ndinathandiza kukonza mota" ife sitiwerengera. Lembani tsiku, makina ake, vuto, chomwe munayeza, manambala, gwero la vuto, ndi chomwe chinachitika. Isainidwe Lachisanu lililonse. Mukaunjika, foromani sakumbukira za mwezi watha ndipo ena amakana kusaina. Kalata yokuchitirani umboni muipemphe kwa bwana sabata ya 10, muwapatse ndi tsamba limodzi la zomwe mwachita kuti asavutike kulemba. Tsiku lomaliza mupeza bwana ali ku msonkhano.

Injiniya wa mentenansi:
Sabata imodziyo ndavomera, aphunzitsi. Koma aitenge akamaliza kuyeza, osati pakati.

Wophunzira zamagetsi:
Zikomo kwambiri nonse. Vuto limodzi: clamp meter ndi megger ophunzira sitiloledwa kusainira ku stores.

Foromani:
N'chimodzimodzi malo ambiri, zidazo n'zodula. Asainire mmisiri wanu, iye azigwira mita, inu muziwerenga ndi kulemba. Mumuuze kuti mapepala a job card yake mudzadzaza ndinu, iye adzangosaina. Amisiri ambiri amadana ndi zolembalemba kuposa kukwera makwerero. Yambani ndi mapampu, ali pansi ndipo nameplate zake zimaoneka. Tengani kansanza kopukutira fumbi.