Ma transaction aima pakati pa Tuxedo ndi Oracle: kodi tikakamize COMMIT FORCE?

Mlonda wa Usiku analemba:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene munayang'anirapo Oracle Tuxedo (pulogalamu yogwirizanitsa ntchito za maseva ndi ma database) ntchito ili mkati, chifukwa amene anakhazikitsa dongosolo lathu anasiya ntchito ndipo ine ndangolandira udindowu miyezi inayi yapitayo. Kampani yathu imayendetsa malipiro pa makina awiri a Linux omwe ali mu domain imodzi, ndipo ndalama zikamasamutsidwa, transaction imodzi imakhudza ma database awiri a Oracle, ina ya maakaunti, ina ya malipiro, iliyonse ndi gulu lake la maseva komanso TMS yake (seva yoyendetsa ma transaction).

Madzulo ano, ntchito itachuluka monga zimakhalira kumapeto kwa mwezi, netiweki ya pakati pa makina achiwiri ndi database ya malipiro inaduka kwa mphindi zitatu. Netiwekiyo inabwerera, koma zinthu sizinabwerere mwakale. Ndikalowa mu tmadmin (chida choyang'anira Tuxedo) n'kulemba pt, ndikuona ma transaction 14 omwe sakusuntha, 9 mwa iwo ali pa TMGDECIDED ndipo otsalawo ali pa TMGCOMCALLED. Lamulo la pq likuonetsa kuti mzere wa gulu la malipiro ukutalikirabe, ndipo aliyense amene akukhudza maakaunti ena akulandira uthenga wa vuto wa Oracle wa ORA-01591.

Mnzanga woyang'anira database akuti alembe COMMIT FORCE pa zonse zimene zili mu DBA_2PC_PENDING (mndandanda wa Oracle wa ma transaction amene aima osamalizika) kuti maakaunti amasuke, pamene bwana wathu akufuna kuti ndizimitse zonse, ndichotse IPC (shared memory ndi mizere ya mauthenga imene Tuxedo imagwiritsa ntchito), kenako ndiyatsenso. Kodi njira yosaika ndalama za anthu pachiswe ndi iti? Ndiponso, kodi ndingaonjezere maseva popanda kuzimitsa domain kuti mzerewu uchepe?

Nkhalakale wa Unix anayankha:

Achimwene, choyamba muwapemphe anzanu a database aja kuti asalembe kalikonse, ndipo bwana wanu mumuuze mwaulemu kuti kuchotsa IPC pa nthawi ngati ino n'kufufuta mapazi a chinthu chimene mukuchilondola. Zimene mukuonazi sizikusonyeza kuti Tuxedo yaonongeka. Ikuchita zomwe inapangidwira, ndipo kuti muone chifukwa chake m'pofunika kukumbukira mmene commit (kutsimikiza zosintha) ya magawo awiri imayendera pansi pa XA, muyeso umene bungwe la X/Open linatulutsa mu 1991.

Pulogalamu ikaitana tpcommit, TMS ya gulu lotsogolera imafunsa database iliyonse ngati yakonzeka. Database ikavomera, imakhala yalonjeza kuti sidzagamula yokha, choncho imagwira mizere ya maakauntiwo kudikira mawu ochokera kwa wotsogolera, ndipo ORA-01591 imene mukuionayo ndi lonjezo limeneli likusungidwa. Onse akavomera, m'pamene TMS imalemba chigamulo mu TLOG (fayilo yosungira zigamulo za ma transaction), ndipo kuchokera pamenepo transaction imaoneka ngati TMGDECIDED, kutanthauza kuti commit yagamulidwa kale ndipo palibenso kubwerera. Ngati wina sanayankhe gawo loyamba lija, mu TLOG simulembedwa kanthu, ndipo mapeto ake amakhala rollback, kutanthauza kubweza zonse mwakale.

Apa ndiye pali ngozi ya maganizo a mnzanuyo. Ma transaction 9 aja ayenera kutha ndi commit, koma asanu enawo chigamulo chawo sichinalembedwe, pomwe mu DBA_2PC_PENDING nthambi iliyonse imene inavomera imangooneka kuti ndi prepared, popanda chosiyanitsa. Akalemba COMMIT FORCE pa zonse, pali mpata woti mbali imodzi ichotse ndalama mu akaunti pamene mbali inayo yabweza ntchito yake, moti ndalamazo sizidzaoneka kulikonse mpaka owerengera ndalama adzazisake ndi manja. Ine ndinaziona zimenezi pa kampani ina kumene ndinkagwira ntchito: munthu anakakamiza rollback usiku kuti akagone, ndipo tinatha masiku atatu tikufananitsa mabuku awiri mzere ndi mzere, wina akuwerenga mokweza nambala ya akaunti, wina akuchonga ndi pensulo.

Chimene ndikuganiza kuti chachitika kwa inu n'chakuti maseva a gulu la malipiro pamodzi ndi TMS yawo akugwirabe kulumikizana kumene kunafa netiweki itaduka. Iwo anatsegula database ndi xa_open pamene ankayatsidwa, ndipo kubwerera kwa netiweki sikuukitsa kulumikizana kwakale. Tsegulani ULOG (fayilo imene Tuxedo imalembamo mauthenga ake) ya lero pa makina achiwiriwo, muone ngati TMS ikudandaula za XAER_RMFAIL kapena ORA-03113. Ngati ndi choncho, lembani verbose on mu tmadmin kenako pt, musunge zotsatira zake mu fayilo, kenako muzimitse gulu lokhalo ndi tmshutdown -g, mutaikapo -w kuti maseva apatsidwe nthawi yomaliza zimene ali nazo, ndipo muliyatsenso ndi tmboot -g. TMS ikadzuka imafunsa database ndi xa_recover kuti ndi nthambi ziti zimene zikudikira, ndipo zonse zimamalizidwa molingana ndi chigamulo cha wotsogolera.

Musagwiritse kill -9 pa seva iliyonse pokhapokha njira zina zonse zitakanika, chifukwa seva ikafa ili mkati mosintha bulletin board (kaundula wa Tuxedo wa maseva ndi ma transaction mu shared memory), mukhoza kupeza kuti vuto la gulu limodzi lasanduka la makina onse. Fayilo ya TLOG yokha musaikhudze n'komwe.

Wa Ma Database anayankha:

Ndikugwirizana ndi zimene akuluwa anena, ndipo ndingoonjezera za mbali ya Oracle, kumene ine ndimakhala. Musanayatsenso gululo, onetsetsani kuti dzina limene lili mu OPENINFO (mzere umene gululo limatsegulira database) lili ndi chilolezo cha SELECT pa DBA_PENDING_TRANSACTIONS. Popanda chilolezo chimenechi xa_recover imalephera, ndipo choipa chake n'chakuti dongosolo likhoza kuyenda zaka zambiri osaonetsa vuto, popeza recovery imafunika tsiku la tsoka lokha. Anthu ambiri amadzazindikira kuti chilolezocho kulibe pa usiku ngati wanuwu.

Ndisawaweruze kwambiri anzanga a database, chifukwa COMMIT FORCE ndi ROLLBACK FORCE zili ndi nthawi yake, monga pamene makina otsogolera apseratu ndipo TLOG singapezekenso. Koma ngakhale pamenepo sitikakamiza mwachisawawa. Timatenga transaction imodzi imodzi, n'kufananitsa GLOBAL_TRAN_ID ndi zimene zasungidwa ku mbali ya Tuxedo, n'kuona chimene database inayo inachita, kenako n'kulemba papepala amene wagamula ndi chifukwa chake. N'chimodzimodzinso ndi committrans ndi aborttrans za mu tmadmin: zimenezi ndi chigamulo cha munthu, chimene XA imachitcha heuristic, ndipo zikasemphana ndi cha wotsogolera, udindo wokonza mabuku umagwera inu.

Mmisiri wa Middleware anayankha:

Ine ndiyankhe funso lanu lachiwiri, limene anzangawa alidumpha. Kuonjezera maseva domain ili moyenda n'kotheka, malinga ngati mu gawo la SERVERS munaikidwa MAX yoposa MIN. Mwachitsanzo, ngati SRVID ndi 100, MIN ndi 3 ndipo MAX ndi 8, manambala kuyambira 100 mpaka 107 ndi osungidwira seva imeneyo, choncho tmboot -g pamodzi ndi -i 103 idzayatsa yachinayi popanda kusokoneza zinzake. Seva yatsopano imene mulibe mu kasinthidwe mukhoza kuilowetsa kudzera mu tmconfig kapena MIB. Chimene simungasinthe ntchito ili mkati ndi MAXSERVERS ndi MAXSERVICES, chifukwa manambala amenewa ndi amene amapima kukula kwa bulletin board mu shared memory pa nthawi yoyatsa.

Komabe usiku uno kuonjezera maseva sikukuthandizani. Mzere wanu sukutalika chifukwa chosowa manja ogwira ntchito, koma chifukwa maseva amene alipowo akudikira database imene sakuimva, ndipo atsopano akangofika pa maakaunti ogwidwa aja adzabwerera ndi ORA-01591 yomweyo. Chanzeru n'kuimitsa kaye kulowa kwa ntchito yatsopano: lembani suspend -s ndi dzina la service yosamutsa ndalamayo, kuti oitana alandire TPENOENT nthawi yomweyo m'malo modikira mpaka BLOCKTIME itatha, imene ikapanda kusinthidwa imakwana pafupifupi masekondi 60. Gululo likadzukanso ndipo pt yayera, mulembe resume. Ngati muli ndi anthu ena amene akufuna kuonerera zimene zikuchitika, muwapatse tmadmin -r, imene imalola kuwerenga kokha.

Chinthu china chimene chimapweteka anthu olandira udindo kwa ena: kusintha kulikonse kochitidwa ndi tmconfig kumalowa mu TUXCONFIG (kasinthidwe kamene Tuxedo imayendera), osati mu fayilo ya UBBCONFIG imene mumaiwerenga. Ngati amene anachoka uja ankasintha zinthu mwanjira imeneyi osalemba, ndiye kuti UBBCONFIG yanu ndi yakale, ndipo tsiku limene mudzalembe tmloadcf mudzafufuta zosintha zake zonse osadziwa. Zinthu zikakhazikika, lembani tmunloadcf, mufananitse zotuluka zake ndi fayilo imene muli nayo.

Mlonda wa Usiku anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndipo ndikupepesa pochedwa kubwera ndi zotsatira. Mu ULOG munalidi XAER_RMFAIL yobwerezabwereza kuyambira mphindi imene netiweki inaduka. Ndinaimitsa service ndi suspend, ndinasunga zotsatira za pt, kenako ndinazimitsa gulu la malipiro n'kuliyatsanso. Ulendo woyamba sizinatheke, ndipo chifukwa chake chinali chomwe a Wa Ma Database ananena: dzina la mu OPENINFO linalibe chilolezo chija. Mnzanga atachipereka, ndinayatsanso TMS, ndipo patapita kanthawi kochepa ma transaction 9 aja anatha ndi commit, asanu enawo ndi rollback, ORA-01591 n'kusiya kuoneka. Amene ndalama zawo zinabwezedwa angotumizanso m'mawa uno.

Ndachitanso tmunloadcf monga munandilangizira, ndipo ndapeza kuti maseva awiri amene akuyenda pa makina achiwiri mulibe n'komwe mu UBBCONFIG imene ndinasiyiridwa, komanso TMSCOUNT (chiwerengero cha ma TMS) ya gulu la maakaunti ndi yosiyana. Ndasunga mafayilo onse awiri, ndipo ndiyamba ndafufuza chifukwa chake anasintha ndisanasankhe imene tidzaitenge kukhala yoona. Pa nkhani ya TLOG, ndaona kuti ili pa disiki ya makina oyamba okha, kutanthauza kuti makinawo atafa, achiwiri sangaiwerenge. Ngati alipo amene anasamutsapo gulu ndi migg m'dongosolo lotere, ndingakonde kudziwa ngati munadalira dumptlog ndi loadtlog, kapena munaika TLOG pa disiki imene makina onse awiri amaiona.