Kodi mgaiwa ndi therere zimatsekadi mafuta a m'chakudya?

Mayi a Tadala, Nchalo: Abale ndithandizeni. Bambo a kunyumba anawauza kuchipatala kuti achepetse za mafuta. Koma akaweruka amayamba aima pachiwaya, kanyenya ndi chips, akafika pakhomo ati ndiwo zanga n'zosakoma. Apongozi nawo ati ndikuondetsa mwana wawo, chonsecho ndalama imene amandisiyira siikwana ndi nsomba za makakana zomwe. Ndamva kuti zakudya za fiber (mbali ya zomera imene thupi siligaya) monga mgaiwa, nyemba ndi therere zimatseka mafuta kuti asalowe m'thupi. Ndikamawaphikira zimenezi, kanyenyayo sawapweteka?

Gogo Mapira: MWATAYA MAPIRA, ndiye vuto lake! Ife ku Ngabu tinakulira nsima ya mapira ndi mchewere, nandolo, khobwe. Za BP tinkazimva kuti? Lero aliyense akufuna ufa woyera, gaga n'kupatsa nkhumba.

Achimwene a ku Bangula: Mayi, akafika pachiwayapo azinyamula therere m'thumba, haha.

Namwino wopuma: Achemwali, kuchipatala anapeza chiyani kwenikweni? BP, shuga kapena cholesterol (mtundu wa mafuta a m'magazi)? Anawapatsa mankhwala? Pa funso lanulo, fiber satseka mafuta. Thupi limayamwabe pafupifupi mafuta onse amene munthu wadya, amene amatuluka ndi ochepa kwambiri. Chimene fiber woterera wa mu therere ndi nyemba amachita n'kugwira ndulu m'matumbo n'kutuluka nayo. Chiwindi chikamapanga ndulu ina chimagwiritsa ntchito cholesterol, motero amatsikako pang'ono m'magazi. Komanso munthu amakhuta msanga.

Gogo Mapira: Mwaonatu? Ndi zomwe ndikunenazi! Mapira!

Namwino wopuma: Sindinanene choncho agogo. Angadye mapira mbale ziwiri, mafuta a pachiwaya alowabe.

Nachisale: Anga analinso chimodzimodzi, anamva atagwa m'munda wa thonje. Ndinavutika ndekha kupeza galimoto, abale awo osaoneka ndi mmodzi yemwe. Za apongozizo musandiuze, ndikuzidziwa.

Mphunzitsi wa ku Chikwawa: Nkhani za m'banja si zobweretsa pagulu. Lemekezani apongozi.

Nachisale: Aphunzitsi, munthu wafunsa za moyo wa mwamuna wake. Ulemu ungatsitse BP?

Gogo Mapira: Malambe ali mbwee chigwa chonsechi, masau, bwemba, zaulere. Inu mukugula zakumwa za shuga. Ine msinkhu uno ndikupalasa njinga mpaka ku msika!

Mayi Phiri: A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati wamkulu azidya fiber wosachepera magalamu 25 patsiku. Koma yambani pang'onopang'ono, nyemba zimatupitsa mimba. Azimwanso madzi ambiri, ndi kutentha kwa kuno adzimbidwa.

Mayi a Tadala: Zikomo nonse. Pepala la kuchipatala ali nalo okha, sanandionetse. Nanga therere lothira soda lija likhalabe ndi fiber wakeyo?

Gogo Mapira: Thirani chidulo ngati kale, osati soda wa m'sitolo!