Mwana wa mchemwali wanga akufuna kusiya koleji n'kuyamba zisudzo, ndithandizeni nzeru

Abale ndi alongo a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe ikundisowetsa tulo. Ndine mwinimbumba kwathu, ndipo mnyamatayu ndamulipirira fizi kuyambira ali Folomu 1. Pano ali chaka choyamba ku koleji, akuphunzira zowerengera ndalama. Sabata yatha wandiuza kuti: "Amalume, mtima wanga suli kumeneko, ine ndikufuna zisudzo."

Luso ali nalo, sindingamubisire. Pa chinkhoswe cha msuweni wake magetsi atazima, iye anangoimirira pakati pa anthu. Anasanduka kondakitala wa minibasi, kenaka agogo okana kulipirira thumba la makala, kenaka nyakwawa yoweruza mlandu wa awiriwo. Sanalembe kalikonse. Munthu akakuwa mawu kumbuyo, iye amawatola pomwepo n'kuwalowetsa m'sewerolo. Ankhoswe a kuchimuna, omwe anafika nkhope zili gwa, anaseka mpaka kupukuta misozi.

Ine ndinakumbuka Izeki ndi Jakobo. Ndinakula ndikuwaonera a John Nyanga ndi a Eric Mabedi ndi gulu la Kwathu, masiku omwe ku French Cultural Centre ku Blantyre kunkadzaza Lamulungu masana. Izeki akangoti pakamwa yasa, mnzake amadziwa kale poti amugwirire. Zija sizinabwere tsiku limodzi, kunali kuzolowerana kwa zaka zambiri. A Nyanga anatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021, ndipo mpaka lero ndikamva mayina awo mumtima mumandiwawa. Choncho ine sindinyoza ntchitoyi ayi. Mantha anga ndi akuti adzadya chiyani.

Iye akuti: "Nanga a Manganya a mu Tikuferanji sanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024?" Ndinamuyankha kuti a Manganyawo, dzina lawo lenileni a Michael Usi, anapita kusukulu ndipo ankagwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu la ADRA uku akuchita zisudzo. Mnyamatayo anangokhala chete, ndipo kuyambira tsikulo foni yanga sakuyankha bwino.

Inu amene muli m'zisudzo, kodi masiku ano munthu angadzidalire ndi zimenezi zokha? Ndimukakamize amalize kaye, kapena ndimulole asinthe maphunziro?

Yankho loyamba: Bambo, musamusiyitse sukulu, komanso musamuphe luso. Ku yunivesite ya Malawi ku Zomba amaphunzitsa zisudzo. Mufunseni ngati angalole kuyesa kumeneko. Akakana zophunzira zilizonse, ndiye kuti vuto si zisudzo, akuthawa sukulu.

Yankho lachiwiri: Achimwene, ine ndachita zisudzo kuyambira mipikisano ya ATEM, bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi, ku sekondale. Kuseketsa abale pa chinkhoswe n'kosiyana ndi kuseketsa anthu osakudziwa omwe alipira pakhomo. Alowe gulu, aziyeserera Loweruka lililonse, alawe tsiku lomwe holo yonse imangomuyang'ana osaseka. Ndalama zomwe ine ndimaona zimachokera ku u-MC wa maukwati, zotsatsa malonda pa wailesi ndi masewero a mabungwe a zaumoyo, osati pakhomo pa holo. Ndipo kuwerengera ndalamako kudzamuthandiza pokambirana mitengo, ambirife timaberedwa pamenepo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Za kulowa gulu zandigwira mtima. Loweruka ndikupita kukamuona ndekha, ndikayamba ndi kumuuza kuti tsiku la chinkhoswe lija nanenso ndinaseka, chifukwa sindinamuuzepo.