ZX Spectrum 48K ikungoonetsa timabokosi

Wa ku Mufakose: Akuluakulu, kompyuta yakale ya Spectrum 48K ikayaka ikungoonetsa timabokosi tamitundumitundu pa TV, dzina la Sinclair, kampani yomwe inaipanga, osatuluka. Ndiyambire pati?

Mmisiri wa ku Mbare: Musaisiye choyaka, achimwene. Iyatseni pang'ono chabe, muyeze ndi mita pa chipu cha memori cha 4116: pini 1 ikhale -5V, pini 8 12V, pini 9 5V. -5V ikasowa, machipu 8 amenewo sachedwa kupsa. Kawirikawiri imene imafa ndi TR4, thiranzisita yothandiza kupanga -5V ndi 12V. Ikanipo thiranzisita ya ZTX651, musinthenso makapasita akalewo onse.

Mayi a ku Highfield: Onaninso adaputala, bambo. Kompyutayi imafuna 9V, negative pakati pa pulagi. Ambiri ogulitsidwa mu Harare muno ndi positive pakati, amawotcha bolodi.

Mmisiri wa ku Mbare: Zoona, mayi. Ikachira, chotsani 7805 yotsitsa magetsi kukhala 5V, imatentha kwambiri. TSR 1-2450, yogwira ntchito yomweyo, imalowa m'mabowo omwewo.