Ahedi aletsa nyuzipepala m'kalasi mwanga, ndipange bwanji?

Mayi Nachisale, Social Studies, Dedza
Aphunzitsi anzanga, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi vuto. Teremu ino ndinayamba kulowa ndi nyuzipepala ku Fomu 3, chifukwa mutu wa demokalase ndi nthambi zitatu za boma ana amangouloweza osamva kanthu. Poyamba zinkakoma, mpaka anyamata akumbuyo aja anayamba kukweza manja. Koma panopa piriyodi iliyonse ikuthera pa mkangano wa zipani. Wina akangoti MCP, wina wayankha kale DPP, a UTM nawo ali pomwepo, belu n'kulira tisanalembe ngakhale mzere umodzi. Kholo lina lakadandaula kuti ndikuphunzitsa ana ndale, ndiye ahedi ati pepala ndilisiye kaye, ndibwerere ku buku. Kulimbana nawo sindikufuna, koma kusiyiratu kukundipweteka. Inu mumatani? Komanso kuno pepala limabwera limodzi lokha, la ku ofesi, nthawi zambiri litagona kale.

Bambo Chirwa, History, Nkhata Bay
Madamu, pepani ndi zimenezo. Ine ndinganene kuti pepala logonalo ndi limene likuyenerani. Nkhani ya dzulo ana amabwera nayo atamva kale mbali ya bambo awo kunyumba, ndiye m'kalasi akungopitiriza zokambirana za pakhonde. Tengani nkhani yomwe inatha, yomwe ili ndi chigamulo cholembedwa.

Pa nthambi zitatu za boma palibe chitsanzo choposa mlandu wa chisankho cha pa 21 Meyi 2019. MEC inalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti pafupifupi 38.6 peresenti. A Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera anakasuma. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anathetsa zotsatirazo, mwa zina chifukwa cha tipeksi yemwe anapakidwa pa mapepala a zotsatira, n'kulamula kuti chisankho chichitikenso pasanathe masiku 150. Ananenanso kuti gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko likamakamba za mavoti ochuluka likutanthauza opitirira theka, ija timati 50+1. Khoti la Supreme linagwirizana nazo pa 8 Meyi, anthu n'kukavotanso pa 23 Juni.

Ndiye ana musawafunse kuti ndani ankalondola. Jambulani mabokosi atatu pa bolodi: makhoti, Nyumba ya Malamulo, ndi nthambi yoyendetsa boma. Aliyense atenge chochitika chimodzi achiike m'bokosi lake, anene kuti mphamvu yochitira zimenezo ikuchokera pati. Wakutchula mtundu wa nsalu ya chipani ndiye kuti alibe yankho, akhale pansi.

Bambo Mwale, Chichewa ndi Chingerezi, Lilongwe
A Chirwa, ulemu wanu, koma pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni. Tikamadikira kuti nkhani izizire kaye, ndiye kuti ana tawasiyira WhatsApp ndi Facebook kuti ziwaphunzitse zotenthazo. Madzulo foni ya achimwene awo ili m'manja mwawo, ndipo mauthenga a mawu ofalitsa mabodza sadikira silabasi. Tonse tikukumbukira mphekesera ya anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu anaphedwa chifukwa cha nkhani yopanda mwini wake.

Ine ndimalowa nazo zatsopano, koma funso langa silikhala la maganizo. Nkhani imodzi ndimaitenga m'malo awiri, mwachitsanzo Tamvani wa mu Weekend Nation ndi Tikambe wa mu Malawi News, kapena momwe aiwerengera pa Zodiak ndi pa MBC. Ana amadula mzere pakati pa tsamba la kope. Kumanzere amalemba zomwe munthu angapite kukatsimikiza: tsiku, malo, ndalama zingati, wanena ndani. Kumanja amalemba zomwe ndi maganizo a munthu. Kenaka ndimafunsa kuti, mtolankhani wafunsa anthu angati, nanga ndani amene nkhani ikumukhudza koma sanapatsidwe mpata woyankha? Mwana wokonda chipani uja amapezeka kuti ntchito yamuchulukira, nthawi yokuwa palibe.

Bambo Chirwa
Zimenezo ku chiyankhulo zikuyenda, achimwene, chifukwa inu mukuphunzitsa kuwerenga. Amayiwa ali ndi kholo lokwiya ndi ahedi omwe aletsa kale. Ayambe ndi zozizira, zotenthazo adzazipeza fumbi likatsika.

Bambo Phiri, Masamu, Kasungu
Ndilowererepo ine wa manambala, mwina muona kuti nyuzi si ndale zokha. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha, ndipo mapepala onse analemba kuti ndi 44 peresenti. Dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ine ndimalemba manambala awiriwo pa bolodi n'kuwauza ana kuti apeze okha 44 uja. Amachotsera, 520, kugawa ndi 1,180, amapezadi 44. Onse amasangalala.

Kenaka ndimati, tengani K10,000, inkagula madola angati kale, nanga kwacha itagwa? Kale 8.47, itagwa 5.88. Mphamvu ya ndalama yanu yatsika ndi maperesenti angati? Amapeza pafupifupi 31. Apa m'pamene kalasi imadzuka, ena kumati Sala mwalakwitsa, ena kumati pepala lanama. Palibe wanama. Mtengo wa dola unakwera ndi 44, mphamvu ya kwacha inatsika ndi 31, zimatengera kuti pansi mwaika nambala iti. Mutu wa kukwera ndi kutsika kwa maperesenti umenewu ana anga saulakwitsanso, ndipo akapita kunyumba amatha kulongosola chifukwa chake thumba la feteleza ndi mafuta agalimoto zimakwera kwacha ikagwa. Mkangano umakhalapo ndithu, koma wa samu, ndipo kholo silingakasume kuti mwana waphunzira kugawa.

Mayi Nangozo, Geography, Phalombe
A Phiri mwandiseketsa. Koma ndionjezere chenjezo limodzi, chifukwa si zandale zokha zomwe zimavuta. Kuno namondwe wa Freddy si nkhani ya m'pepala. M'kalasi muli ana omwe anataya makolo ndi azibale awo mu Malichi 2023, ena mitembo sinapezeke. Mphunzitsi wongofika kumene akamata pa bolodi chithunzi cha matope a ku Chilobwe kapena ku Nkhulambe, poganiza kuti akukometsa phunziro, akhoza kuona mwana akutuluka akulira. Zithunzi za anthu ine sindilowa nazo. Ndimalowa ndi mapu.

Pa mapupo Freddy ndi mphunzitsi wabwino kwambiri. Anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, kudutsa Madagascar, kulowa Mozambique, kubwereranso panyanja kukatenga mphamvu, n'kudzalowanso kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe loona zanyengo pa dziko lonse la WMO linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa. Ana amalondola njira yakeyo ndi pensulo, ndipo funso limabwera lokha: bwanji amakula akakhala pamadzi ofunda, n'kufooka akafika pamtunda? Bwanji mvula inachuluka chonchija m'mbali mwa phiri la Mulanje ndi la Soche? Pamenepo mvula ya m'mapiri ndi kudula mitengo mwaphunzitsa kale. Chinanso, zithunzi zambiri za pa intaneti ndi za anamondwe a ku America, omwe amazungulira mosemphana ndi wotchi. Akwathu kuno kum'mwera kwa equator amazungulira motsatira wotchi. Mwana akakopera chithunzi cholakwika, malikisi apita.

Ndisanayambe mutuwo ndimawauza dzulo lake, ndipo wofuna kukhala chete ndimamusiya.

Bambo Banda, Biology, Mangochi
Zonsezi n'zokoma, koma tinene zoona. MANEB sifunsa zomwe Zodiak yawerenga m'mawa. Ine silabasi ya Fomu 4 sindinaimalize, ana m'kalasi ndi oposa 90, piriyodi ndi mphindi 40. Nthawi ya manyuziyo mukuitenga kuti?

Mayi Nangozo
A Banda, inuyo wa ku Mangochi mukufunsa zimenezo? Kolera ya 2022 mpaka 2023 inakuvutani kwambiri kunyanjako, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Matenda ofala kudzera m'madzi ali m'silabasi mwanu. Nkhaniyo siwonjezera nthawi, imangolowa pomwe mukanaika chitsanzo cha m'buku. Mphindi khumi zoyambirira basi.

Bambo Banda
Ya kolerayo ndavomera. Koma mphindi khumi zanuzo ndizidziwa, zimatha kukhala 30.

Bambo Kalua, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, Zomba
Ndiyankhuleko ngati munthu wa ku ofesi, chifukwa madandaulo oterewa amafikira pa tebulo langa. Madamu, ahedi anu sakudana ndi nyuzipepala. Chomwe akuopa ndi kufunsidwa ndi a PTA kapena a ku divishoni funso lomwe alibe yankho lake. Ndife ogwira ntchito m'boma, ndipo mphekesera yoti mphunzitsi akukopera anthu chipani imathamanga kuposa kalata. Ndiye apatseni chogwira m'manja.

Nkhani iliyonse yomwe mukufuna kugwiritsa ntchito ilowe mu sikimu, pa danga la zipangizo zophunzitsira, moyang'anizana ndi mutu wa m'silabasi ya ku MIE (Malawi Institute of Education) womwe ikuthandiza. Dulani nkhaniyo, imateni pa pepala, lembani dzina la nyuzipepala ndi tsiku, pansi pake mafunso anu. Ahedi asaine monga amasainira sikimu. Kholo likabwera, amangotsegula fayilo. Yambirani ku silabasi kukafuna nkhani, osati kuona nkhani yokoma n'kumaifunira pokhala. Ndipo maganizo anu pa zipani asamveke, ngakhale ana akukakamizeni chotani. Akafunsa kuti Madamu munavotera ndani, auzeni kuti voti ndi yachinsinsi, imeneyonso ili m'silabasi.

Makalata a owerenga, zojambula zoseketsa za andale ndi nkhani za pa misonkhano ya zipani muzisiye kaye chaka chino.

Bambo Mwale
Zojambula zoseketsazo ndiye zimaphunzitsa bwino kumasulira, bwana, koma chabwino, ndamva. Pa za kusowa kwa pepala: funsani ku ofesi ya zofalitsa nkhani ya pa boma ngati Boma Lathu lafika, ndipo Fuko nalo ndi laulere. Kumsika amagulitsa manyuzi akale okulungira zinthu, motchipa. Ine nkhani za pa wailesi ndimajambula pa foni usiku, m'mawa n'kuika pa kasipika kakang'ono. Fotokope ikadula, ndimalemba ndime ziwiri pa tchati, ana amawerengera pomwepo.

Mayi Nachisale
Zikomo kwambiri nonse. Ndatenga mabokosi atatu a a Chirwa ndi mzere wa pakati wa a Mwale, ndipo Lolemba ndipita kwa ahedi ndi fayilo monga anenera a Kalua, ndiwapemphe kuti adzakhale nawo m'kalasi tsiku loyamba. A Chirwa, muli ndi zodula za chigamulo cha 2020 chija? Kuno za chaka chimenecho zinatha kale ndi chiswe.

Bambo Chirwa
Ndili nazo za The Nation ndi The Daily Times za pa 4 Febuluwale. Ndizijambula mawa kukawala, chifukwa kamera ya foni yanga usiku siona. Ena ofuna anene msanga, bandulo yatsala pang'ono.

Bambo Banda
Nditumizireniko nanenso. Ndipo amene ali ndi za kolera za mu Januwale 2023 aponye pompano.