Thandizeni: mawu a Chingerezi onena kuti ntchito inabwezeredwa m'mbuyo

Moni nonse pagulu pano. Ndikulemba lipoti m'Chingerezi lopita kwa omwe amathandiza gulu lathu la amayi kuno ku Area 25, koma pena pandivuta. Ndikufuna kunena kuti mvula inatichedwetsa kumaliza khola la nkhuku. Sikuti tinasiyiratu ayi, ntchito inkangoyenda pang'onopang'ono chifukwa njerwa zinkanyowa.

Mu dikishonale ndapezamo hinder, hamper, restrict ndi prevent, koma akungotanthauzirana okhaokha. Mwana wanga wa Fomu 4 akuti ndilembe restricted, chonsecho mawuwa ine ndimawaona pazitseko zoletsa anthu kulowa. Prevent nayenso akumveka ngati sitinagwire kalikonse.

Ndiye oyenera apa ndi ati, hindered kapena hampered? Lipotili likufunika Lachisanu, chonde.