Bledi ya bandsaw ikuthawira kumanzere, ndisinthe magaidi?

Kalipentala14:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi bandsaw (makina ochekera matabwa, a bledi yonga lamba yoyenda pa mawilo awiri) ya mainchesi 14, ndinagula yogwirapo kale ntchito, ndipo magaidi ake, ogwiriza bledi kuti isapotoke, ndi tizitsulo tija tamakona anayi. Dzulo ndimang'amba thabwa la masentimita 10 kuti patuluke awiri opyapyala, koma bledi inangothawira kumanzere, thabwa lonse n'kuwonongeka. Mtima unandiwawa, linali thabwa labwino. Nditasuzumira ndapeza kachitsulo ka kumanja kali ndi mzere wodyeka, wonyezimira. Ndikagula magaidi a mabelingi vutoli litha?

MkuluWaUtuchi:
Achimwene, musathamangire kugula. Mzere mwaonawo ndi mano a bledi amene amadya chitsulo. Mano a kumanja anabuntha, n'chifukwa chake bledi ikulondola mbali imene ikadali yakuthwa. Imeneyo yatha basi, ikani ina.

Mukamaika, zulani kaye pulagi, mubweze magaidi onse m'mbuyo, apamwamba ndi apansi pa tebulo omwe. Kungani bledi, muzunguze wilo ndi dzanja mpaka ikhazikike bwino. Magaidi amabwera pomaliza. Am'mbaliwo akhale kumbuyo pang'ono kwa timipata ta pakati pa mano, ndipo mpata wawo ndi bledi ungokwana pepala limodzi, pafupifupi 0.1 mm. Belingi ya kumsana kwa bledi isiye mpata wa 0.4 mm, izizungulira pokhapokha mukukankha thabwa. Ikamalira makina akungoyenda okha ndiye kuti mwaiyandikitsa kwambiri. Ndipo magaidi apamwamba muziwatsitsa, atalikirane ndi thabwa mamilimita 6 okha.

MayiWaMipando:
Ine ndinaika mabelingi. Pa bledi zazikulu amagwira bwino, koma ndikadula paini amakanikizira utomoni ndi utuchi pa bledi, ndimakhalira kupala. Pa bledi zing'onozing'ono za 3 mm ndinabwerera ku Cool Blocks, zomwe ndi magaidi osakhala achitsulo. Zili ndi graphite, chinthu chofewa chija cha mu pensulo, ndiye mutha kuzigunditsa pa bledi osaopa kuti mano abuntha. Tizidutswa ta mtengo wolimba tonyikidwa m'mafuta timagwiranso ntchito yomweyo. Za ceramic zimakhalitsa, kungoti nthawi zina zimathetheka, choncho utuchi usamaunjikane mkati.

Kalipentala14:
Zikomo kwambiri nonse. Pansi pa tebulo ndinali ndisanayang'anepo n'komwe. Ndachotsa tebulo m'mawa uno, belingi yapansi inauma gwa, utuchi unachita kuumbika ngati dothi, msana wa bledi n'kukumbamo kamsewu. Ndasintha belingiyo, tizitsulo tija ndasalaza ndi fayilo, ndaika bledi yatsopano ya 12 mm ya mano 3 pa inchi. Ndayesa pa chidutswa chotsala cha dzulo, yatsika mowongoka mpaka pansi. Mayi, tizidutswa ta mtengo tija mumatinyika masiku angati m'mafutamo?